Liwu la M'kalata ya Bambo

Kalata inabwera Lachitatu, chiperoni chitakuta minda ya tiyi,
envulopu yakhaki, chidindo cha esiteti chitapendekeka pakona.
Ine ndinali folomu thuu.
Amayi anati, werenga iwe Esinala,
maso angawa anazolowera masamba awiri ndi kansonga,
zilembo sazidziwa.

Ndinawerenga bwinobwino
mpaka ndinapunthwa pa liwu limodzi,
lalitali ngati msewu wa ku Makwasa tsiku losowa matola:
inebriated.
Ndinalitchula katatu, katatu konse lilime linagwa chagada.

Bambo anali pakhonde, nsapato imodzi kuphazi,
inayo sitinaipezenso.
Gelevaziyo Nakhumwa, kalaliki wa pasikelo zaka khumi ndi zinayi,
munthu amene anakhalako kuseminale zaka zitatu
asanakumane ndi amayi pachigayo cha ku Bvumbwe.
Anati, bwera nayo kuno.
Sanafunse za malipiro, kapena tsiku lotuluka m'nyumba ya kampani.
Anayang'ana liwulo monga muyang'anira mnzako wakale
amene wabwera ndi apolisi.

Anatola khala lozima pambaula,
nalemba pasimenti: ebrius.
Ichi n'Chilatini, mwana wanga.
Ebrius ndi munthu wokhuta chakumwa,
wodzaza mpaka m'khosi ngati chigubu cha pamjigo.
Ka in kali kutsogoloka usakaone kuchepa.
M'mawu ena kamakana, koma muno kakulowetsa, kakumiza.
Ndiye sakunena kuti ndinalawa ayi.
Akuti ndinamira.

Dzanja linkanjenjemera ndi matsire
koma zilembo zinaima chilili ngati ana a kwaya.
Pansi pake analembanso: sobrius.
Uyu ndi m'bale wake, wosamwa uja, wamaso oyera.
Taona bwino, ebrius ali m'mimba mwakemo.
Wosaledzera alibe dzina lakelake,
anachita kubwereka kwa chidakwa.
Anaseka yekha mpaka chifuwa chinamugwira.

Amayi anali chiimire pakhomo, dengu la tiyi likadali kumsana.
Anati, Chilatini chanucho tidyera chiyani?
Kugolosale kwa a Mukhito amalandira ebrius?
Kwathu kuno timangoti mwaledzera.
Liwu lathu silivala tayi,
limanunkha kachasu wa kwa Nachisale,
limagona m'ngalande, limataya nsapato.

Bambo sanatsutse.
Anangoti chapansipansi, ngati akuuza khalalo:
akadalemba lina lija, lochokera ku toxicum,
ulembe wopaka kunsonga ya muvi,
ndikadati ndinalasidwa,
mlandu ukadakhala wa mwini uta.
Koma asankha loti ndinalowamo ndekha.
Mzungu wa muofesi uja sadziwa Chilatini,
komabe walasa.

Tinasamuka Loweruka pa thirakitala yobwereka,
matiresi, mbuzi, wailesi, mtanthauziramawu wopanda chikuto.
Ndinacheuka kamodzi.
Mawu awiri aja anali akadali pakhonde,
wina pamwamba pa mnzake,
mvula itayamba kuwadya kuyambira kumchira.

Bambo anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi.
Ankalembera anthu makalata pa positi ofesi ku Thyolo boma,
m'mawa mokhamokha.
Dzuwa likapendeka ankapita kukamira.
Panali miyezi ina, iwiri kapena itatu,
imene ankabwera kunyumba ali sobrius,
atanyamula nanazi ndi buledi,
ndipo tinkayenda monyang'ama pomuzungulira
ngati anthu osenza mazira m'chitenje.

Lero ndimaphunzitsa Chingerezi ku Luchenza.
Liwu lija limabwera chaka chilichonse,
lili phee m'ndime ya mayeso, manja m'thumba.
Ndimalilemba pabolodi, ndimalidula pakati,
ndimatulutsa ebrius ndi kumuimika poyera
kuti ana amuone.
Choko chimandidetsa zala ngati khala.

Chaka chatha mtsikana wina wakumbuyo, Mwandida,
anakweza dzanja:
Madamu, Chilatini munachiphunzira kuti?

Kunja thirakitala ya tiyi inkadutsa.
Ndinadikira kuti phokoso lithe.
Ndinati, ndinali ndi mphunzitsi wabwino kwambiri,
m'mawa.